Phala la M'katoni

Randburg, Joni
16 Julayi 1995

Okondedwa anyina Chiza,

Monire mose kukaya. Muli uli inu ndi mnyamata wanga? Nanga amama, mwendo wawo uja ukuwalola kuyenda? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwa kuno n'kopanda ulemu. M'mawa kapinga wa abwana amachita kuyera mbuu, ine n'kumathirira maluwa zala zitauma gwa.

Kalata yanu ndinalandira pamodzi ndi chithunzi. Mwanayo ndamuyang'ana mpaka pepala layamba kuda m'mbali. Mphumi imeneyo ndi yanga, musakane. Makutu okhawo ndiwo akwanu ku Mphamba, koma palibe kanthu, tidzamugulira chipewa. Zimandiwawa kuti ndinachoka muli ndi pakati, moti mwana wafika miyezi isanu bambo wake akumudziwira papepala.

Mwalemba kuti amama akuti nthawi yakwana yoti Chiza ayambe phala, ndipo akufuna lamgaiwa lothira nsinjiro, monga anatilerera ine ndi akulu anga a Jethro. Apa ndiye mundimvetsetse. Ine sindinabwere kuno kudzalima gadeni ya mzungu kuti mwana wanga azidya zomwe ndinadya ine. Madamu kuno ali ndi khanda, lalikulu pang'ono kuposa Chiza. Limadya phala la m'katoni, longosungunula ndi madzi ofunda, lopanda ndi gaga yemwe. Mukanaona masaya ake mwanayo! Ndiye ndagula makatoni anayi, kambale kapulasitiki ndi kasupuni kake. Ndapatsira a Solomon, oyendetsa lole aja amene amafika ku Chipata, ndipo akasiya kusitolo ya alamu awo pa boma la Lundazi. A Jethro akatenge panjinga.

Za mtedza ndiye ayi ndithu. Sabata yatha ndinkadya mtedza wokazinga pakhonde la kukhitchini, kamwana ka madamu kakukwawa pafupi. Katatambasula dzanja ndinati ndikapatseko. Madamu anakuwa ngati aona njoka, n'kundimenya padzanja, mtedza wonse mbwee pansi. Akuti mwana akadya mtedza amatupa nkhope, akhoza kufa kumene. Ine thukuta linatuluka m'nyengo yozizira ino. Ndinakumbukira ana onse aja timaika kwathu akadali aang'ono, ife n'kumati ndi ufiti. Azungu zinthu izi anaziphunzira, anyina Chiza. Mtedza usayandikire pakamwa pa mwana wanga.

Choncho mtedza wa chalimbana uja mwakolola mukagulitse ku msika wa Lundazi ogula akadalipo, musiye wambewu wokha. Ndalama yake musungire feteleza. M'katoni imene ndalembapo mtanda ndaikamo R150. Mugule sopo, mchere ndi mafuta a nyali, ndipo amama muwagulire chitenje kuti mtima wawo ukhale pansi pa nkhani ya phalayi. Akalankhulabe, muwauze kuti walamula ndi mwini mwana.

Ndine mwamuna wanu,
Danwell

Randburg, Joni
24 Seputembala 1995

Anyina Chiza,

Ndikhulupirira muli makola nonse. Ine ndili bwino, chimfine chinandigwira chija chinatha. Kuno kwayamba kufunda ndipo maluwa aphukira, moti alendo akabwera amayamikira madamu, ngati kuti khasu amagwira ndi iwo.

Ndinaseka ndekha m'kachipinda kanga nditawerenga kuti tsiku loyamba Chiza analavulira phala lonse pachifuwa panu, koma pofika lachitatu anayamba kulimbirana nanu supuni. Ameneyo ndi Zimba weniweni ngati bambo wake, sachedwa kuzindikira chokoma. Mwati azimayi a m'mudzi amabwera kudzaona katoni, ena mpaka kupempha kuti anunkhize. Asiyeni aone. Koma musagawire munthu, ngakhale akazi a a Jethro. Ndimawadziwa amenewo, akalawa kamodzi mawa abwera ndi mbale.

Zoti katoni imodzi siikufika sabata zandidabwitsa. Kuno ndimaona madamu akungothira timasupuni tingapo. Kapena mnyamatayo watengera agogo ake aamuna kadyedwe? Mwafunsa ngati mungamasakanize ndi nsinjiro pang'ono kuti lizikhalitsa, poti mtedza wina munabisa osagulitsa. Anyina Chiza, ndinalemba Chinyanja chomveka bwino. Umenewonso mukagulitse, ndisadzamve kuti mwana walawa. Ndikudziwa kuti amama akukunyogodolani, ndipo akuti mwana wawo wapenga ndi Chizungu. Koma inu munafika giredi seveni, muyenera kumvetsa kuposa iwo.

China ndi bere. Madamu anamusiyitsa wawo ali ndi miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mwanayo ali bwinobwino. Sinditi mumusiyitse lero, koma muzichepetsa, makamaka masana. Mukatero azidya phala ndi mtima wonse, inunso mupeza mpata wososa kumunda mvula isanagwe, m'malo momangokhala naye kumsana.

Ndatumizanso makatoni atatu kudzera kwa a Solomon. Ndalama ulendo uno zachepa, mundikhululukire, zinthu zakwera mtengo. Kunyumba kuno kukubwera anthu achilendo. Amayendayenda m'zipinda n'kumayeza makoma, ndipo pageti akhomapo chikwangwani. Abwana akuti ndisadandaule, ndiye sindikudandaula.

Mupereke moni kwa amama, ngakhale dzina langa sakufuna kulimva masiku ano. Mnyamatayo mundigwirire chanza.

Wanu,
Danwell

Alexandra, Joni
10 Disembala 1995

Anyina Chiza,

Moni wa Khirisimasi ndaperekeratu, chifukwa makalata a mwezi uno amachedwa panjira. Ine ndili moyo. Inu muli uli, ndi mwana, ndi amama? Mvula yagwa bwanji kumeneko? Ngati mwadzala, mundiuze ngati feteleza munamupeza.

Muona kuti keyala yasintha. Muzilemba pa yatsopanoyi. Nkhani yake ndi yaitali, ndidzakufotokozerani pamaso, chachikulu n'chakuti pogona ndili napo. Tili anayi m'chipinda. Anzangawo ndi a ku Mzimba, moti madzulo timayankhula Chitumbuka mpaka kuiwala kuti tili kwa eni. Pafupi pali mayi wina wa kwawo komweko, a Loyce, amene amatiphikira tikasonkha kangachepe, apo ayi bwenzi tikudya buledi ndi madzi a shuga. Kunja sitiyendayenda, kuli anthu ena a yunifomu amene amakonda kufunsa mafunso.

Khirisimasi ino sindibwera. Ndinalonjeza, ndikudziwa. Mawu amenewa ndalemba n'kufufuta, kulembanso n'kufufuta, koma akana kusintha.

Mwalemba kuti makatoni anatha mu Okutobala, ndipo kuyambira pamenepo mukumuphikira phala la ufa woyera, lamadzimadzi, n'kuwazamo kafumbi kotsalira m'katoni kuti amve fungo lomwe analizolowera. Mwachita bwino. Ufa woyera ndiwo ukufanana ndi la azungu lija, mgaiwa ndi wokhakhala pakhosi pa mwana. Shuga akapezeka muzithira. Lero ndatumiza katoni imodzi yokha. Ndinaima nayo nthawi yaitali m'sitolo ndikuyang'ana yachiwiri, koma thumba linakana. Muzithira pang'onopang'ono.

M'kalata yanu muli mawu ena amene andikhala pamtima. Mwati, "Mwana akudya, koma ku sikelo akuti sakukwela." Kenaka mwapitiriza za nkhuku ngati simunanene kanthu. Ndimakudziwani, anyina Chiza, mukafuna kundidzudzula mumathawira ku nkhani za nkhuku. Mwina ndi mano akumera, ana amatero. Komabe mtima wanga sukukhazikika. Mwana wa eni ndinkamuona tsiku ndi tsiku akunenepa, wanga ndikumulera ndi bolopeni.

Mwatinso mkaka wachepa m'mawere, poti masana mumamusiya ndi amama inu mukapita kuganyu. Ganyu wa chiyani, mwamuna wanu ali ku Joni? Manyazi andigwira zedi. Pirirani pang'ono, Januwale zinthu zisintha.

Ndine wanu,
Danwell

Alexandra, Joni
18 Febuluwale 1996

Anyina Chiza,

Moni. Sindifunsa ngati muli bwino, chifukwa kalata yanu yandiuza kale. Ine thupi lili bwino, ndipo zikundichititsa manyazi kulemba choncho.

Ndaiwerenga kambirimbiri. Mapazi otupa, oti mukadina chala chimasiya dzenje. Tsitsi lofiirira, lothothoka lokha. Mwana uja ankalimbirana nanu supuni lero akutembenuzira nkhope kumbali, saseka, kulira kwake kulibe mphamvu. Ndipo ndi mwezi womwe uno wakwanitsa chaka.

Mwati ku sikelo asisita anakuimikani pamaso pa azimayi onse n'kunena kuti, "Amai, mwana uyu si matenda, ni njala. Kwanu ku Magodi kulibe nshawa? Mumudyetsa cani?" Inu munangoweramitsa mutu. Simunanene kuti mtedza munali nawo matumba, ndipo amene analamula kuti ugulitsidwe ndi mwamuna wanu. Munanyozeka m'malo mwanga, koma m'kalata yonse mulibe liwu ngakhale limodzi londinyoza. Zikanandipepukira mukananditukwana.

Tsopano ndikuuzeni zomwe ndinkazengereza. Ntchito inatha mu Novembala. Abwana anagulitsa nyumba n'kupita ku Australia, ine anandisiyira jasi ndi nsapato zazikulu. Kuyambira pamenepo ndimaima pamphambano ndi anzanga, kudikira aliyense wofuna munthu wonyamula njerwa.

Nditalandira kalata yanu ndinakasaka Tryphena, mayi wa ku Zimbabwe amene ankalera ana a madamu, n'kumufunsa za mtedza. Anandiyang'ana modabwa. Akuti kamwana kaja kanali ndi vuto lakelake lobadwa nalo, adokotala anachita kukayeza, si ana onse ayi. Anandikumbutsa kuti mkulu wake wa mwanayo ankapita kusukulu ndi buledi wopaka chiponde tsiku lililonse, ndipo mabotolo ake ndinkataya kubini ndine. Ndinkaona ndi maso angawa. Anatinso kuwonjezera pa phala la m'katoni, mwana uja ankamwa mkaka wa m'chitini, kudya dzira, nyama yopera, mbatata ndi maungu. Ine ndinkaonera pawindo ndili ndi khasu m'manja, ndiye ndinaona katoni yokha. Amati safunsa anadya phula. Amene sanafunse ndine, koma phulalo wadya ndi Chiza.

Zonse ndinalamula zija ndafafaniza. Chitani zimene anena asisita. Phala likhale lamgaiwa, lolimbako, lothira nsinjiro. Kapenta musinje muzithiramo, dzira muziphwanyiramo ngakhale akuluakulu amaletsa. Bere mumupatse nthawi iliyonse akalifuna, ganyu musiye. Pitani ku Mphamba mukapemphe mtedza kwa apongozi anga, muwauze zoona kuti mwana wawo anakwatiwa ndi chitsiru. Ng'ombe ya a Jethro ili ndi thole, azikupatsani mkaka. Ndawalembera iwonso, n'kuwafotokozera zonse za katoni. Jasi ndi nsapato zija ndagulitsa, ndalama yake ndi imene muipeze m'kalata muno.

Mundiyankhe msanga, ngakhale mizere iwiri yokha.

Danwell

Alexandra, Joni
17 Malichi 1996

Anyina Chiza,

Moni kwa inu. Ine ndili moyo. Kalata iyi muwerenge muli nokha.

Yanu ndi ya a Jethro zafika tsiku limodzi. Ndamva kuti akuluakulu anakhala pansi n'kugamula kuti mwana ali ndi mdulo. Amama akuti njala ili m'mudzi monse, ana onse akumwa phala lamadzi, nanga watupa bwanji Chiza yekha? Aiwala kuti ana enawo sanachepetseredwe bere ndi bambo wanzeru wa ku Joni. Akuti mwana satupa chotero pokhapokha mmodzi mwa makolo ake atayenda kunja kwa banja, ndipo poti ine ndili kutali, chala chaloza inu. Umboni wawo ndi woti anthu anakuonani pakaliyala ya njinga ya a Kenan, anansi athu aja. Inde anakuonani, mukupita ndi mwana wodwala ku sikelo, mtunda wonse uja, m'matope. Munthu anachita chifundo, lero wasanduka chibwenzi.

A Jethro alemba monyadira ngati agwira mbala. Akuti akuletsani kuyamwitsa poti mkaka wanu ndi wotentha, ndipo mphika wa mwana simukugwiranso. Chiza akugona kwa amama n'kumamwa mizu, ku sikelo sanapitenso. Akuti Pasaka ikadutsa akuperekezani ku Mphamba, mwana atsala, poti ng'ombe za malowolo zinapita zonse. Inu mwalemba kuti mtedza munakatenga kwanu uja uli m'dengu osasinja, ndipo mumamumva mwanayo akulira kunyumba kwa amama, inu mawere akukuwawani. Nditafika pamenepo ndinaika kalata pansi n'kutuluka panja.

Za katoni ndi za Tryphena a Jethro ayankha kuti mkazi wanga anandidyetsa mankhwala, n'chifukwa chake ndikumuikira kumbuyo. Abale anga ndimawadziwa. Akagamula kuti ndi mdulo safunanso nkhani ya chakudya, amafuna munthu. Ndikanakhala ndi ya basi ndikanabwera ndekha, koma ndilibe, mapepala anganso sali bwino, ndipo Chiza sangadikire kuti ndikonze zonsezo.

Ndiye munthuyo ndiwapatsa. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mu envulopu yachiwiri muli kalata ya amama, yoti a Jethro awawerengere. M'menemo ndavomera kuti ndine amene ndinayenda ndi mkazi kuno, ndipo moto unadutsira m'makatoni ndi kasupuni zomwe ndinagwira ndi manja anga. Anyina Chiza, pamaso pa Chiuta, chichokereni pakhomo mkazi sindinamukhudze. Ndi bodza limenelo. Koma zoti matenda a mwanayo anachokera m'manja mwanga si bodza, n'chifukwa chake kulemba kwake sikunandivute.

Musanditeteze. Akamanditukwana inu khalani chete, misozi ikabwera ilekeni, akuyembekezera kuti mulira. Akakubwezerani mwana, mankhwala awo musalimbane nawo, koma athire m'phala lophika inu, ndipo asisita muwauze zomwe akumwa. Tsiku la sikelo musaphonye, kaya a Kenan akunyamulani kaya muyenda pansi.

Ndikudziwa, Yunike, kuti ndikukusenzetsani manyazi ena, oti mwamuna wanu anatengeka ndi akazi a ku Joni. Mundikhululukire. Pa manyazi awiriwa ndasankha amene akusiyeni mwana ali m'manja. A Solomon anyamuka mawa, ndipo andilonjeza kuti makalatawa akapereka okha pa boma.

Ndine wanu,
Danwell

Alexandra, Joni
17 Malichi 1996

Kwa amama, kudzera mwa akulu anga a Jethro,

Monire amama. Monire akuluakulu onse a pamudzi. Ine ndili moyo, koma kalata iyi ndikulemba nditagwada.

Ndamva za matenda a mdzukulu wanu ndi zomwe akuluakulu apeza. Chala chaloza munthu wosalakwa. Wolakwa ndine, mwana wanu Danwell. Kuno ku Joni ndinagwa ndi mkazi wina, ndipo ndili wotentha choncho ndinagula chakudya cha mwana, kuchigwira, kuchimanga ndi manja anga n'kutumiza. Dzina la mkaziyo musandifunse, tinasiyana. Mpongozi wanu NyaMtonga alibe mlandu uliwonse. Zonse anachita pa mwanayo ndi zomwe ndinamulamula ine.

Ndikupempha kuti tsiku lomwe mumve kalatayi mwana abwerere kubere la amake, osati mawa lake. Makatoni, kambale ndi kasupuni muotche, chilichonse chodutsa m'manja mwanga chisamuyandikire. Adye phala lija munanena inu poyamba, lamgaiwa lothira nsinjiro. Munanena zoona, amama, ine ndinanyoza. Mawu a akulu akoma akagonera. Mankhwala anu muzithira m'phala lomwelo, koma aziphika ndi amake. Mkaka, kapenta, dzira ndi zonse akunena a ku sikelo mumulole adye, ndipo ku sikeloko azipita. Wafooka kale chifukwa cha ine, asafooke kawiri.

Mbuzi yanga yaikazi ija mupereke ku Mphamba, mukandipepesere kwa apongozi. A Kenan muwapatse tambala, tawaipitsira dzina pachabe. Ku mpingo a Jethro akanene okha, akulu a mpingo asachite kumvera kumsika.

Mukwiyire ine, amama. Mwanayo ndi amake muwasunge.

Mwana wanu wolakwa,
Danwell

Alexandra, Joni
9 Juni 1996

Okondedwa anyina Chiza,

Monire. Muli uli nonse? Ine ndili makola. Kuzizira kwabweranso, ndipo jasi ija ndikuikumbuka m'mawa uliwonse, koma sindikudandaula. Ndapeza ntchito yosakaniza simenti pa nyumba ina ikumangidwa, akuti itenga miyezi ingapo. Kangachepe ndaika muno. Mugule bulangete la mwana, chotsala mugayitse mgaiwa.

Yewo chomene chifukwa cha kalata yanu yaitali. Pomwe mwalemba kuti kutupa kutatha mwana anaoneka wowonda kuposa kale, inu n'kuthamangira ku sikelo mukulira, mtima wanga unaima. Kenaka ndawerenga kuti asisita anati ndi mmene zimakhalira, madzi achoka, tsopano thupi liyamba kubwera. Ndipo labweradi. Mwati tsitsi lakuda layamba kumera, sikelo yakwera kawiri motsatizana, ndipo akuimirira atagwira mtondo. Choseketsa n'chakuti akangomva musi akuyamba kulira, poti akudziwa kuti nsinjiro zikubwera. Futali wa mbatata akudya ndi manja onse awiri. Ndawawerengera anzanga m'chipinda muno mpaka andipempha kuti ndisiye. Mtedza wa chaka chino musagulitse ngakhale chitini chimodzi, feteleza ndiona ine.

Amama akuti akuyenda mudzi wonse kuuza anthu kuti mwana anachira ndi mizu yawo ndi phala lawo. Asiyeni anyadire, theka lake ndi loona. Zoti mpingo wandiimitsa pa mgonero ndamva, a Jethro anditumizira kalata yodzaza mavesi. Zoti adada anu mbuzi analandira koma akuti nkhope yanga safuna kuiona, nazonso ndazimva. Zimenezi ndinkaziyembekezera. Chimene chandipweteka ndi choti kuchitsime azimayi amakumverani chisoni mokweza kuti mumve bwino. Pepani, anyina Chiza. Phala ndinalakwitsa ndine, koma chilango chikumangofikira kwa inu.

Kumapeto kwa kalata, pansi pa dzina lanu, mwalemba timawu ting'onoting'ono: "Awiske Chiza, nakhulupilila zimene munaniuza. Koma anthu akamba tsiku na tsiku, na kalata ya amama munailemba bwino maningi. A Loyce aja akali kukuphikilani?"

Poyamba ndinapsa mtima, sindibisa. Ndinatenga bolopeni kuti ndikukalipireni, kenaka ndinaiika pansi. Ine ndinkaganiza kuti bodzalo likamveka kwa amama ndi akuluakulu, n'kuima panja pa nyumba yathu. Sindinadziwe kuti lidzalowa. A Loyce akuphikabe, amaphikira amuna ambiri a mumsewu muno, ndipo mwamuna wawo ndiye amalandira ndalama pakhomo. Kupitirira apo ndilibe chonena. Ndinalumbira kale kamodzi, kulumbira kachiwiri sikuwonjezera kanthu. Munthu amene walembera amayi ake bodza losalala chotero, mkazi wake sangalakwe kumufunsa. Umboni ndilibe, ndipo sindidzakhala nawo.

Choncho sindikukakamizani. Ngati mukundikayikira, ndikayikireni muli pakhomo panu, Chiza ali pamiyendo panu akudya.

Ndine mwamuna wanu,
Danwell